Kalilole m'kabotolo

Mtsikanayo anali atalephera kale mayeso a kemisitiri kamodzi, ndipo kulephera kachiwiri kukanatanthauza kubwerera kwawo ku Mchinji maphunziro ali panjira. Funso limene linkamuzunza linkaoneka lopepuka. Amapatsidwa timabotolo tiwiri ta madzi oyera ngati apachitsime, kena ka aldehyde, kena ka ketone, kuti asiyanitse. Mayina a mankhwala oyesera anawaloweza onse m'Chingerezi, koma chifukwa chimene mankhwalawo amasinthira mtundu sichinkamulowa m'mutu.

Amene anamuthandiza anali bambo wina wachikulire wosamalira labotale, wochokera ku Chipata. Iwo anayamba ndi zimene mtsikanayo ankazidziwa kale: fomalini wosungira mitembo amachokera ku aldehyde, ndipo acetone yochotsera utoto kuzikhadabo ndi ketone. Kenako anajambula mitundu iwiriyo papepala n'kufotokoza m'Chinyanja cha kwawo. Yonse ili ndi kaboni yomangika kawiri ndi okosijeni. Mu aldehyde kaboniyo imakhala kumapeto, itagwirana ndi haidrojeni. Mu ketone imakhala pakati, itatsekeredwa ndi makaboni ena uku ndi uku. “Mwanangu, haidrojeni imeneyo ndiye khomo,” anatero bambowo. “Aldehyde imalola kusandutsidwa asidi. Ketone ilibe polowera.”

Anayamba ndi mankhwala a Brady, ndipo timabotolo tonse tiwiri tinaundana zachikasu chofiirira, umboni wakuti awiriwo ndi a banja limodzi. Kenako anasakaniza silver nitrate ndi amoniya, amene ndi mankhwala a Tollens, n'kuviika timabotoloto m'madzi ofunda. Kena kanangokhala phee. M'kena siliva anayamba kumatirira m'mbali mpaka kabotoloko kanawala ngati kalilole, pakuti aldehyde inali itapereka ma elekitironi kwa silivayo. Mankhwala a Fehling, obiriwira ngati thambo, anachita umboni womwewo: kumene kunali aldehyde kunadikha zofiira ngati njerwa yootcha, ndipo kwa ketone mtundu sunasinthe. Atamaliza, bambowo anathira asidi wosungunula m'zotsala za Tollens n'kuzitaya, chifukwa zikagonera zimatha kuphulika.

Pa zokambirana za chinenero chathu anthu amadandaula kuti tilibe mawu akuti aldehyde. Koma ngakhale Angerezi mawuwa anachita kubwereka. Anawapanga ndi Justus von Liebig, katswiri wa ku Germany, mu 1835, podula mawu a Chilatini akuti alcohol dehydrogenatus, kutanthauza mowa wochotsedwa haidrojeni. Tollens ndi Fehling nawo ndi mayina a anthu a ku Germany komweko. Chimene chinkamusowa mtsikanayo sanali mayina ayi. Ankasowa aneni: kugwirana, kutsekeredwa, kulola, kupereka, kumatirira, kudikha. Amenewa Chichewa chili nawo ochuluka, ndipo amamveka chimodzimodzi ku Lilongwe, ku Chipata ndi ku Angónia.

Tsiku la mayeso malangizo onse anali m'Chingerezi. Mtsikanayo anatsuka timabotolo take bwinobwino, pokumbukira kuti galasi lakuda siligwira siliva. Anaviika toyamba m'madzi ofunda n'kudikira, milomo ikunong'ona kuti khomo lilipo kapena palibe. Patapita mphindi zochepa anaona nkhope yake, yaing'ono ndi yopindika, m'kabotolo ka kumanzere, ndipo anatola cholembera.