Nyumba Zitatu, Mau Atatu

Nkhondo ya mu Mozambique inatha pa 4 Okutobala 1992, pamene atsogoleri anapangana za mtendere ku Roma. M'zaka za 1993 ndi 1994, anthu ambiri a ku Angónia amene anathawira ku Malawi anabwerera kwao. Anapeza midzi yao itasanduka thengo. Aliyense anamanga ndi zimene anapeza pafupi.

Pakati pa obwererawo panali mnyamata wina amene anaphunzira sukulu ku Dedza. Iye ankadziwa Cingerezi, ndipo anali ndi kabuku kothothoka cikuto komasulira mau a cinenerocho. Tsiku lina m'mudzi mwao, kufupi ndi Ulónguè, munafika mayi wina wacizungu wa bungwe lothandiza anthu. Mayiyo anafuna kudziwa nyumba zimene zinali pangozi, kuti eni ake athandizidwe mvula isanagwe. Mfumu inasankha mnyamata uja kuti ayende naye. Nchito yake inali kulemba m'Cingerezi mmene nyumba iliyonse inalili.

Anayambira pa nyumba ya agogo ake. Inali yozungulira, yophoma ndi dothi, yofolera ndi udzu. Mnyamatayo anacita manyazi pamaso pa mlendo. Anakumbukira liu lina la m'kalasi, nalemba kuti hovel.

"Mdzukulu, walembapo ciyani pamenepo?" anafunsa agogo.

Iye anatsegula kabuku kaja kuti ayankhe bwino. Anapeza kuti hovel ndi kanyumba kauve, kosayenera kukhalamo munthu. Atawauza, agogo anakhala cete pang'ono. Kenaka anati, "Bwera, kankha khoma ili."

Anakankha, koma khoma silinagwedezeke. Agogo anamuonetsa nsici za mitengo yolimba imene ciswe sicifulumira kudya. Anamuonetsa phaso lomangidwa ndi luzi, ndi udzu wofolera mocindikala. Denga linaturuka kunja ndithu, kuti mvula isamenye khoma. Khonde linali lokwera, kuti madzi asafike m'tsinde mwa nyumba. Pansi panali pozira bwino.

Mnyamatayo anafafaniza liu lija, nalemba kuti well-built hut. Liu lakuti hut likufanana ndi palhota m'Cipwitikizi. Limanena za kanyumba kakang'ono ka mitengo, dothi kapena udzu. Silinena kuti kanyumbako n'koipa.

Nyumba yaciwiri inali msasa wa mitengo, wofunditsidwa ndi cinsalu ca pulasitiki cimene eni ake anabwera naco kucokera ku Malawi. Banjalo linali litangofika mwezi watha. Bambo wa pamenepo anali kuumba njerwa kudambo. Mnyamatayo anaganiza za liu lakuti shack, limene limanena za kanyumba kokhomakhoma ndi matabwa kapena malata akale. Koma anaona kuti liu limeneli silikuuza mlendo kuti anthuwa ali pa nchito yomanga. Tsono analemba kuti makeshift shelter, kutanthauza pogona pongoyembekezera.

Nyumba yacitatu inali yokongola kuposa zonse m'mudzimo. Inali ya njerwa, ya malata owala. Mwini wake anali mayi wamasiye wa ana anayi, amene anagulitsa mbuzi zake kuti alipire mmisiri. Mlendo uja anafuna kungoipitirira. Koma mayi wamasiyeyo anaitana mnyamata uja nati, "Mwanawe, tabwera nao alendowo m'kati muno."

Anacotsa mphasa imene inatsamira khoma. Kuseri kwake kunali mng'alu wocokera pansi mpaka kudenga, woti dzanja la mwana n'kulowa. Njerwa zinali zosapsa, zongofumbutuka pozikanda. Mmisiri sanakumbe maziko okwanira. Simenti imene mayiyo anagula inalowa pang'ono cabe, mcenga ndiwo unacuruka. Ana onse anayi ankagona m'tsinde mwa khoma lomwelo. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Apa mnyamatayo anavutika kwambiri. Poyamba anafuna kulemba kuti dilapidated. Koma kabuku kanamuuza kuti liu limeneli ndi la nyumba yoonongeka cifukwa ca kukalamba ndi kusasamalidwa. Nyumba iyi inali isanathe ngakhale caka cimodzi, ndipo mwini wake ankaisamala. Kulemba cotero kukanakhala kumnamizira mayi wosalakwa.

Anamufotokozera mlendoyo vuto lake. Iye anampatsa mau awiri. Loyamba linali shoddy. Anati kale ku England liu limeneli linali dzina la nsalu yochipa, yopangidwa ndi ubweya wa sanza zakale, yooneka bwino koma yosacedwa kung'ambika. Laciwiri linali jerry-built, limene limanena za nyumba yomangidwa mothamanga ndi zipangizo zacabecabe. Mau onsewa amaloza kwa mmisiri, osati kwa wokhalamo. Mnyamatayo analemba kuti jerry-built and unsafe.

Madzulo mlendo anawerenga pepala lonse. Dzina la mayi wamasiye analiika pamwamba, la banja la mu msasa pambuyo pake. Usiku womwewo mfumu inalamula kuti ana aja akagone kwa agogo, m'nyumba yaudzu ija. Agogo sanalembedwe pa olandira cithandizo, ndipo sanadandaule. Anangoti, "Ine nyumba ndili nayo."

Mnyamata uja akanalemba mau oyamba amene anabwera m'mutu mwake, agogo akananyozeka, ndipo ana anayi akanagonabe pansi pa khoma long'aluka. Umphawi wa mwini nyumba ndi cinthu cina, kuipa kwa mamangidwe ndi cinanso. Pali nyumba yaudzu yomangidwa mwaluso, ndipo pali nyumba yamalata yomangidwa mwacinyengo.

Ana inu, mukuphunzira Cinyanja ndi Cipwitikizi, ndipo kutsogolo mudzaphunziranso Cingerezi. Tsiku lina mudzalankhulira anthu a kwanu kwa mlendo amene samva cinenero cao. Mlendoyo adzakhulupirira liu limene inu mwasankha. Musanalilembe, yambani mwalowa m'nyumbamo, mukankhe khoma, mufunse mwini wake.