KABOTI KOGONA PA KHOMO KAMENE KANAFIKA KU ICELAND

Munthu wokulira m'mbali mwa mtsinje wa Luangwa adziwa kuti bwato ligona ku doko. Likasemedwa ndi kukokeredwa ku madzi, limakhala komweko kufikira litaola. Koma ku maiko a ku Ulaya kuli mtundu wina wa timaboti timene sitigona ku madzi ai. Mwini wace amasunga kaboti kace pa khomo, pa kangolo ka mawiro awiri, ndipo tsiku lopumula likafika amamangirira kangoloko kumbuyo kwa galimoto ndi kupita ku nyanja iri yonse imene mtima wace wafuna. Timaboti timeneti tiribe injini. Timayenda ndi mphepo yoomba pa thanga, ndiye kuti nsaru yaikuru yomangika pa mlongoti.

Mmodzi wa anthu amene anakonda kaboti kotere koposa anzao anali Bambo Frank Dye, amene anabadwa m'caka ca 1928 m'tauni ya Watton, m'cigawo ca Norfolk ku Mangalande. Iwo sanali msodzi kapena msirikali wa pamadzi. Nchito yao inali yogulitsa magalimoto pa bizinesi ya banja lao. M'caka ca 1958, ali ndi zaka 30, anagula kaboti ka mtundu wochedwa Wayfarer, umene katswiri wina dzina lace Ian Proctor anali atangokonza kumene m'caka ca 1957. Kaboti kamene kanawachukitsa anakacha dzina lakuti Wanderer, kutanthauza woyenda-yenda.

Wayfarer ndi kanthu kakang'ono ndithu. M'litali ndi mamita 4.8, m'mimba sikafika mamita 2, ndipo kulemera kwace ndi makilogalamu 169, ndiye kuti matumba atatu a feteleza ndi kacigawo pamwamba. Toyamba tinapangidwa ndi matabwa opyapyala omatidwa pamodzi. Kalibe denga kapena cipinda cogonamo. Kutsogolo ndi kumbuyo kuli mabokosi otsekeka bwino odzala mpweya, ndipo ndiwo amene aletsa kabotiko kumira ngakhale katagubuduzika. Pakati pace pali thabwa limene limatsitsidwa pansi pa madzi kupyolera pa mpata wopapatiza. Thabwalo likatsika, mphepo siingathe kukankhira kaboti cam'mbali, motero munthu akhoza kupita ngakhale kumene mphepo icokera, pomayenda mokhota-khota monga acitira munthu wokwera phiri ndi mtolo pamutu. Pofika pa madzi osaya thabwalo limakwezedwa, ndipo kaboti kamayandama pa madzi osafika ndi m'maondo momwe.

Anthu ambiri amagula kaboti kotere kuti azisewera nako pa mitsinje ndi m'mphepete mwa nyanja, dzuwa likapendeka n'kubwerera kwao. Bambo Dye anali ndi maganizo ena. M'caka ca 1963 ananyamuka pa doko la Kinlochbervie, kumpoto kwa Scotland, pamodzi ndi mnzao Russell Brockbank, kulinga ku dziko lozizira la Iceland. Ulendowo ndi wa makilomita pafupi-fupi 1,200, mtunda woposa kucoka ku Chipata kupita ku Lusaka ndi kubwereranso, koma wopanda mudzi, mtengo kapena mwala wopumulirapo. Njira anaipeza ndi kampasi ndiponso ka cipangizo kopimira kutalika kwa dzuwa pamwamba pa madzi. Anabvutika ndi cisanu, mphepo yamkuntho ndi mseru wobwera ndi mafunde, ndipo zingwe zina zogwira mlongoti zinaonongeka pa njira. Anakoceza pa cisumbu ca Heimaey atatha masiku 11 pa madzi.

Caka cotsatira, mu July 1964, ananyamukanso ndi mnyamata wina, Bill Brockbank, amene sanali mbale wa woyambayo ngakhale kuti dzina ndi limodzi. Anadzera ku zisumbu za Faroe kulinga ku Norway. Pa ulendo umenewu ndi pamene imfa inawanunkhiza. Namondwe wa liwiro loposa makilomita 75 pa ola anawapeza pakati pa nyanja, kaboti kanagubuduzika kanai konse, ndipo mlongoti unathyoka. Nthawi zonse zinaizo amuna awiriwo anakadzutsa ndi kukapa madzi. Mphepo itaceperako anaimika cidutswa ca mlongoti cimene cinatsala, namangapo thanga, nafika ku Norway ali amoyo.

Kodi kumeneku kunali kulimba mtima kapena kupusa? Funsoli ndi loyenera, pakuti m'kabotimo munali miyoyo iwiri, ndipo m'madzi ozizira a kumpotoko munthu sakhala nthawi yaitali asanakomoke. Palibe munthu wanzeru amene angauze mwana wace kuti acite zomwezo. Komabe cimene cinapulumutsa amuna awiriwo sicinali mwai wokha. Mabokosi a mpweya akadakhala ndi ming'alu, kaboti kakadadzala madzi pa kugubuduzika koyamba. Mukadapanda zida ndi zingwe zapadera zomangidwa bwino kuti zisatayike, mlongoti wothyokawo ukadakhala mapeto a nkhani. Moyo wao unasungidwa ndi nchito yosaoneka, yocitidwa pa khomo kaboti kali pa kangolo.

Nchito imeneyi aliyense wokhala ndi kaboti ka matabwa aidziwa, ndipo ndi yotopetsa. Mdani wamkuru wa matabwa si madzi a mcere, koma madzi a mvula ongokhala m'kati, pakuti ndiwo aoletsa. Cifukwa cace mwini kaboti amakafunditsa ndi cinsaru cokhuthala, amakweza kutsogolo kwace ndi kutsegula ziboo za kumbuyo kuti dontho liri lonse lituruke, ndipo amasiya mabokosi aja otsegula kuti mupite mphepo. Akabwera ku nyanja ya mcere amatsuka zitsulo zonse ndi madzi abwino. Thanga salipinda lisanaume, kuopa nkhungu. Nyengo yozizira ikafika amapala malo osupuka ndi kupakanso utoto ndi vanishi. Amayendetsa zala pa mawaya ogwira mlongoti, ndipo akapeza kalusi kamodzi kokha koduka amacotsa waya yense, podziwa kuti anzace ali m'njira.

Kangolo nako kafuna diso. Mawiro ace ndi ang'ono, motero amazungulira kwambiri ndi kutentha pa mseu. Munthu akawalowetsa m'madzi ozizira akali otentha, madzi amalowa m'kati, girisi amaonongeka ndipo dzimbiri limayamba. Ambiri ulendo wao wathera m'mbali mwa mseu, nyanja asanaione n'komwe, cifukwa ca wiro losapakidwa girisi. Mlimi amene ngolo yace inathyoka ekisero iri ndi matumba a cimanga pa njira ya ku msika safunika kumuuza zambiri pa nkhani imeneyi.

Pa madzi peni-peni luso lalikuru ndi kudziwa nthawi yocepetsa thanga. Mphepo ikamakula, woyendetsa amapinda mbali ya thanga kuti mphepo ipeze pogwira pocepa, ndipo acita zimenezi mitambo ikangoyamba kuda, pakuti namondwe akafika manja sapezanso mpata. Tsiku lina luso ndi kusanyamuka konse. Akulu-akulu anati linda madzi apite ndipo uziti ndadala.

M'caka ca 1964 Bambo Dye anakwatira Mai Margaret, amene nawonso anali wokonda thanga. Ulendo wao wokondwerera ukwati anaucita m'kaboti komweko, ku zisumbu za Hebrides kumadzulo kwa Scotland, usiku namagona pansi pa hema womangika pamwamba pace. Koma Mai Dye anaona bvuto limene amuna amphamvu sanali kulisamala: makilogalamu 169 ndi katundu wolemera kwa munthu mmodzi pomukoka kucoka m'madzi kukwera naye pa mtunda. Kaboti kamene mwini wace sangathe kukatsitsa ndi kukakweza yekha kamangokhala pa khomo. Ian Proctor anamva dandaulo limeneli, ndipo m'caka ca 1981 anakonza mtundu wina wocepako ndi wopepuka, wa mamita 4.3, umene unapatsidwa dzina lomwelo lakuti Wanderer.

Bambo Dye sanaleke. Atapyola zaka 60 anayenda ndi Wayfarer ina m'mbali mwa gombe la kum'mawa kwa America, kucokera ku Florida kufikira ku nyanja zazikuru za m'malire a Canada, pang'ono-pang'ono kwa zaka zingapo. Anamwalira m'caka ca 2010 ali ndi zaka 82. Mbiri ya maulendo ao oyamba iri m'buku lochedwa Ocean Crossing Wayfarer, limene analemba pamodzi ndi akazi ao.

Kaboti kaja ka ku Iceland ndi ku Norway kanaperekedwa ku nyumba yosungiramo zinthu zakale za pamadzi, ndipo kanaikidwa m'tauni ya Falmouth, ku Cornwall. Eni timaboti ena ambiri-mbiri sadzaoloka nyanja yaikuru m'moyo wao wonse, ndipo palibe cowakakamiza kutero. Koma madzulo a tsiku lopumula, atatopa ndi dzuwa ndi mphepo, iwonso amatsuka zitsulo, amayanika thanga ndi kukweza kutsogolo kwa kaboti asanalowe m'nyumba kukadya.