Mfundo za pa chingwe

Ndikauza anzanga kuti masiku ano ndikuwerenga za anthu a mtundu wa Inca a ku South America, funso limakhala limodzi basi: aja a golide aja? Eya, golide adalipo, ndipo ndiye adawaitanira tsoka. Mu November 1532 Francisco Pizarro wa ku Spain ndi anyamata ake 168 adagwira mfumu Atahualpa ku Cajamarca. Mfumuyo idasonkhanitsa golide ndi siliva kuti idziwombole, koma mu 1533 adaiphabe. Nkhaniyo njachisoni, komatu ine chimene chimandigoneka mochedwa si golide ayi. Ndi chingwe.

Iwo ankachitcha khipu. Tangoganizani chingwe chimodzi chonenepa, cha thonje kapena cha ubweya wa nyama zawo za llama ndi alpaca, ndipo pa icho palendewera tizingwe tambirimbiri tomangidwa mfundo. Mfundo za kunsi zikuimira chimodzichimodzi, zotsatira makumi, zapamwamba mahandiredi. Pamene pasiyidwa mpata wopanda mfundo, ameneyo ndi ziro. L. Leland Locke ndiye adaonetsa mu 1912 kuti mawerengedwe ake ngotere. Zingwe zina sizitsata dongosololi, ndipo akatswiri akadalimbanabe nazo kuti aone ngati muli maina kapena mbiri. Ine ndimangomwetulira, poti m'Chichewa chathu mawu akuti mfundo amakhala kale pawiri: yomanga pa chingwe ndi yonena pabwalo.

Ndi zingwe zimenezi likulu la Cusco linkayendetsa dziko lochokera kumwera kwa Colombia wa lero mpaka pakati pa Chile, lokhala ndi misewu ya makilomita oposa 30,000. Zilembo adalibe, akavalo adalibe, ngolo adalibe. Msonkho sunali wa ndalama. Mudzi uliwonse unkapereka anthu mosinthana kukalima minda ya boma, kuluka nsalu, kukonza misewu ndi kupita kunkhondo, ndipo ntchito imeneyi inkatchedwa mit'a. Zokolola zinkalowa m'nkhokwe zamiyala zondandalikidwa m'mphepete mwa mapiri, pamene pamaomba mphepo yozizira. Ku Huánuco Pampa kokha zidapezeka nkhokwe pafupifupi 500. Mbatata ya kachewere, yomweyi timagula ku Dedza ndi ku Ntcheu, kwawo nkumapiri amenewa. Iwo ankaiyala panja usiku kuti igwidwe ndi chisanu, mmawa nkuiponda kuti madzi atuluke, dzuwa nkuiumitsa. Ikatero imakhala zaka osawola.

Munthu amene adaonapo chaka cha njala sangawerenge zimenezi osachita kaduka. Ndimachita kaduka ndithu. Koma ndikapitiriza kuwerenga mtima umayamba kukayika, chifukwa chingwe chimene chinkadziwa kuchuluka kwa chimanga m'nkhokwe ndi chomwecho chinkadziwa kuti m'mudzi mwanu muli amuna angati otha kusenza katundu. Mafumu a Inca ankasamutsa midzi yathunthu kupita nayo kutali, ina chifukwa chovuta kuilamula, ina kuti ikalime kumene boma likufuna. Kudya ankadya, koma kukana kunalibe.

Atafika a ku Spain adapeza zonse zili zowerengeratu. M'zaka za m'ma 1570 adatenga mit'a yemweyo nkuyamba kutumizira anthu ku migodi ya siliva ya ku Potosí, kumene ambiri adasiya mafupa. Apa Mmalawi safunika womumasulira. Thangata poyamba kudali kuthandizana, koma atalowa m'manja mwa eni maesiteti a ku Thyolo ndi ku Chiradzulu, dzina lokha ndilo lidatsala.

Nkhani imene ndimaikonda kuposa zonse ndi ya anthu a mtundu wa Wanka a ku chigwa cha Jauja. Iwowa adagonjetsedwa ndi a Inca, choncho alendo aja atabwera adawathandiza, kaya poganiza kuti goli lachoka. Adawadyetsa, adawaveka, adawapatsa anthu onyamula katundu. Koma osunga zingwe sadagone. Chilichonse chotuluka m'nkhokwe ankachimangira mfundo.

Mu 1561, patapita zaka pafupifupi 30, mafumu a ku Jauja adapita ndi nkhani yawo kubwalo la milandu la atsamunda ku Lima. Umboni wawo udali zingwe. Zidawerengedwa, mlembi akulemba m'Chisipanishi: amuna mwakuti, akazi mwakuti, nyama za llama, nsalu, chimanga, mbatata, miphika, nkhuni, mpaka nsapato. Ndipo abale inu, mudali magulu awiri osasakaniza: izi tidakupatsani ndi manja athu, izi mudachita kulanda.