Katundu wa pakhonde wa ku Keko: chonyamula ndi chosiya

Anzanga a ulendo wa Dar, funso limodzi likubwerabwera ku inbox kwanga: kasitomala akufuna mipando ya pakhonde kapena summer hut kuseri kwa nyumba, ndimugulire chiyani ku Keko? Ndiyankhe pano kuti tonse timve.

Amene simunafikeko, Keko ili ku Temeke, cha ku msewu wa Chang'ombe, ndipo ndi kuchimake kwa mipando. Masofa, mabedi, matebulo, zonse mbwee m'mbali mwa msewu, vanishi ali waliwali. Akalipentala akumeneko ndi aluso, sindikana. Koma zambiri amapangira m'nyumba, ndipo ukangoti ukufuna za panja palibe amene angakuuze kuti alibe. Akulozera chomwecho chili pafupi.

Ine njira ya Songwe ndinayamba mwana wanga woyamba ali sitandade 3, pano ndi bambo wapabanja pake. Chimene ndaona n'chakuti katundu akawonongeka, kasitomala saimbira fundi wa ku Keko. Amaimbira inu. Ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kubweza ndalama ya tebulo limodzi ndi kudya mpamba.

Tiyambe ndi matabwa. Ku Dar ndi kunyanja, mphepo yake ndi yachinyontho. Thabwa losauma bwino limaoneka labwinobwino kumeneko, koma likafika ku Lilongwe n'kukumana ndi dzuwa la Okutobala limang'aluka, majointi n'kuyasama. Ine ndimafunsa mninga, umene kwathu timati mlombwa, chifukwa suvuta kupindika ndipo chiswe sichiuthamangira. Pakamwa pokha sindikhulupirira. Ndimatembenuza mpando, kuona kunsi kumene sanapake utoto, pena kupempha apale pang'ono. Akakana, ndimapita kwa wina. Za MDF musayerekeze n'komwe. Imamwa madzi ngati buledi mu tiyi, mvula imodzi yokha yatupa. Ndipo ngati mukuchita kuoda, auzeni amange ndi mabawuti, osati guluu ndi misomali, kuti muphwasule ponyamula. Malo m'galimoto ndi ndalama, mukudziwa kale.

Zitsulo nazo zili ndi bodza lake. Utoto wakuda umabisa paipi yopyapyala. Nyamulani mbali imodzi mumve kulemera, yang'anani powotcherera ngati pali timabowo, funsani ngati anayamba ndi red oxide. Pa malata a denga kumbukirani kuti nambala ikachepa ndiye kukhuthala: geji 28 ndi yolimba kuposa 30 kapena 32. Kasitomala wina amaganiza kuti 32 ndiye wamkulu, mufotokozereni musananyamuke.

Tsopano chimene ine ndimakana: kunyamula mapeva a simenti. Kuchoka ku Dar kukafika pa Kasumulu ndi makilomita opitirira 900, kudutsa phiri la Kitonga, ndiye Chiweta ikukudikirani mbali ino. Mulipira thiransipoti ya miyala, a MRA nawo awerengere zawo, pamene ku Mzuzu, Lilongwe ndi Blantyre anyamata akuumba zomwezo. Nzeru ndi kubweretsa chikombole cha pulasitiki, chopepuka, mmisiri akaumbire pomwepo. Matailosi amanyamulika, koma a panja akhale okhakhala. Osalala aja akanyowa, agogo a pakhomo adzathyokerapo chiuno. Gulani ndi mabokosi angapo apamwamba, chifukwa ena amafika osweka ndipo mtundu womwewo mwina simudzaupeza ulendo wotsatira.

Koma nkhani yaikulu ili pansi, pamene ife ogulitsa sitikhalapo. Mayi wina ndinamubweretsera matailosi abwino ndithu. Mmisiri wake anangosalaza dothi la makande, kuthira simenti pang'ono, n'kuyala. Makande amafufuma nthawi ya dzinja, chilimwe n'kung'ambika. Pofika Epulo bwalo lonse linali ming'alu, ndipo mbiri inamveka ku tchalitchi kwawo inali yoti katundu wa ku Tanzania ndi wabodza. Dzina limene ankatchula linali langa.

Ndiye ine popereka katundu ndimaitanitsa mmisiri, tikambirane mwini nyumba akumva. Achotse dothi lapamwamba, athire miyala, atsendere mpaka poponda pasamalowe. Bwalo lipendekere kunja, masentimita awiri pa mita iliyonse, madzi asamabwerere ku maziko a nyumba. Nsanamira za summer hut zikhale pa konkire wotukuka pang'ono, thabwa lisakhudze nthaka, ndipo denga limangiriridwe ndi mabawuti, poti mphepo ya mvula zoyamba imayamba ndi denga lopanda makoma.

Zimenezi ndimazitumizanso pa WhatsApp ya kasitomala, tsiku ndi zithunzi za katundu asanatsike m'galimoto. Amene mukunyamuka sabata ino, tengani tepi yoyezera yanuyanu, ndipo muyeso wa khonde la kasitomala ukhale m'foni musanakwere basi.