Botolo la spiriti pa banka ya atsibweni

Titabwerako ku Dedza m'chaka cha 1993, nkhondo itatha, atsibweni anatsegula kabanka ka sopo, mchere ndi machesi m'mbali mwa msewu wopita ku Ulónguè. Chuma chawo chachikulu chinali nyali ya Petromax. Ine ntchito yanga madzulo inali kuthira spiriti m'kambale kake, kuyatsa, kudikira kuti kapaipi katenthe, kenaka kupopa parafini mpaka kansalu kayere mbuu.

Spiritiyo anali ndi mtundu wa maluwa a jakaranda. Tsiku lina ndinafunsa chifukwa chake. Iwo anangoti, "Mphwanga, mtunduwo ndi lamulo la boma. Usakaulawe."

Tanthauzo lake ndinadzalidziwa nditakula. Spiriti ndi mowa womwewo umene uli m'kachasu. Mowa wakumwa boma limaudula msonkho waukulu, koma wa nyali, wa ometa tsitsi ndi wa akalipentala limauchotsera msonkhowo, malinga uyambe waonongedwa ku fakitale kuti usamweke. Ku Britain lamulo lotere linakhazikitsidwa mu 1855. Amathiramo poizoni wotchedwa methanol, mankhwala onunkha ndi owawa, ndiponso utoto uja. Utotowo ndiye chenjezo la ife amene sitinkadziwa kuwerenga zolembedwa pa botolo.

Koma ife pa banka tinkagulitsa mopungula, m'mabotolo a Fanta opanda chizindikiro chilichonse. Mayi wina wotcheza kachasu ankabwera Lachisanu lililonse, amati ndi woyatsira primasi. Ndani anali ndi primasi m'mudzi mwathu muja? Sindinafunse. Ndinkathira, n'kulandira ndalama. Pambuyo pake zinamveka kuti ankamusefa pa makala kuti mtundu uchepe, n'kusakaniza ndi kachasu wawo kuti achuluke ndi kukhala waukali.

Abale anga, makala angathe kuchepetsa utoto koma poizoniyo amatsala. Alibe mtundu, ndipo ngakhale mutatchezanso mumphika satha. Choipa china n'chakuti sapweteka pomwepo. Munthu amaledzera monga mwa masiku onse, amagona, amadzuka. Chiwindi ndicho chimasandutsa poizoniyo kukhala asidi amene amaononga mtsempha wa maso, ndipo zimenezi zimatenga theka la tsiku, tsiku lathunthu, mwinanso kupitirira. Supuni imodzi yaikulu ya methanol wosasungunula ikhoza kum'chititsa munthu khungu.

Ndi mmene zinamuchitikira mnyamata wina amene ankanyamula kachewere pa njinga kupita naye ku Calómuè. Anamwa Loweruka. Lamulungu madzulo anayamba kusanza, mutu ukuwawa, akuti akuona ngati chifunga cha mwezi wa Juni. Akuluakulu anati ndi matsire, ena anati wamulodza mnzake wa malonda. Anamumwetsa zitsamba usiku wonse. Pamene ngolo imafika naye kuchipatala Lolemba, moyo anaupulumutsa koma maso anali atapita. Anamwino anati akadabwera tsiku lomwelo mwina akadaona.

Atsibweni atamva analeka kugulitsa mopungula. Ankati wofuna agule botolo lonse lotseka, la pepala lake. Mayi uja anasamukira kwawo, mlandu sunapite patali.

Lero nyali za sola zinalowa m'malo, Petromax ija ili pa msomali, yadzimbiri. Spiriti ndimamuona kwa ometa, nthawi zina m'kabotolo ka madzi akumwa pansi pa benchi pamene ana amasewera, ndipo ndimalankhula ngakhale andione ngati wolongolola.

Bambo uja alipo, mdzukulu wake ndiye amamutsogolera pa msika. Akamva mawu anga amandipatsa moni ndi dzina. Sindinamuuzebe kuti amene ankathira m'botolo la Fanta lija ndinali ine.