Ochoka osatsanzika

Sabata ino ndi yanga, ndipo sindinabwere ndi za chikondi kapena za ndale. Ndabwera ndi za ganyu ina yomwe ndimagwira usiku uliwonse popanda wondilipira: ndine mmodzi mwa ma admin a gulu la pa WhatsApp la achinyamata ophunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta. Ndimakhala ku Lifuwu, m'mbali mwa nyanja kuno ku Salima, komwe anthu amatidziwa ndi mpunga ndi usipa basi. Gululo tinaliyamba anthu ochepa a konkuno ndi a ku Senga Bay, koma linki inayenda, ndipo pano muli a ku Lilongwe, a ku Mzuzu, ngakhale ena ali ku Joni.

Ambiri mwa ana a kwathu kuno alibe laputopu. Python amailemba pa foni, pa apu yotchedwa Pydroid, ndi zala ziwiri zazikuluzi. Foni nayo ili ndi nzeru zake zosapemphedwa. Mwana alemba print, iyo imukonzera kukhala Print ndi P wamkulu, pulogalamu n'kukana kuyenda chifukwa Python sidziwa mawu amenewo. Akati atumize code yake pagulu kuti timuthandize, WhatsApp imeza nyenyezi zochulukitsira manambala n'kusandutsa mawuwo akuda bii. N'chifukwa chake phunziro loyamba kwa aliyense wolowa kumene ndi lakuti aziika timizere titatu topendekera tija kumayambiriro ndi kumapeto kwa code, kuti ifike monga anailembera. (Mwaona ndikulemba code m'Chingerezi. Ndikailemba mwa Chichewa ikhala kodi, ndiye muziyembekezera funso.)

Ndanena zonsezi kuti mudziwe mtengo wa funso limodzi. Mwana wa kuno asanafunse amakhala wagula bandulo ndi ndalama ya ganyu yopirikitsa mbalame m'munda wa mpunga, watchajitsa foni pa shopu, wayendayenda kufuna pomwe netiweki ikugwira. Uthenga wa vutolo wamubwerera m'Chingerezi cha makina chomwe ngakhale aphunzitsi ake sakanachimasulira. Ndiye walimba mtima kuonetsa umbuli wake pamaso pa anthu omwe sanawaonepo.

Zofufuta zambiri sizindisowetsa tulo. Malinki a juga, uthenga wa "tumizani pang'ono mulandire zambiri mawa", zithunzi zolaula zomwe mwini wake amati watumiza molakwitsa, zonsezi ndi kungodina n'kuchotsa, chichokereni 2022 pomwe WhatsApp inapatsa ma admin mphamvu yofufuta uthenga wa wina aliyense pagulu. Chisankho cha pa 16 September 2025 chikuyandikira tinafufuta za zipani mpaka zala kuwawa. Sitinkachita izi chifukwa chodana ndi ndale, koma lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 lilipo, ndipo anthu anamangidwapo m'dziko muno kaamba ka zomwe analemba pa foni. Pali ena amabwera mwaulemu ndithu: "Akuluakulu, ndiphunzitseni kulowa mu Facebook ya chibwenzi changa." Ameneyo timamuuza kuti pano si kwa sing'anga.

Ndikafuna kudandaula ndimakumbukira achinyamata a ku Nairobi omwe ankalembedwa ntchito ndi kampani ya Sama kuti azisefa zonyansa za pa Facebook, kenaka zophunzitsira ChatGPT. Magazini ya Time inalemba mu January 2023 kuti ena ankalandira ndalama yosafika madola awiri pa ola, akuwerenga za kuphana ndi kugwiririra tsiku lonse. Zanga n'zopepuka.

Zovutirapo ndi mayankho a makina. Wina afunsa, mnzake athamangira kwa ChatGPT, akopera yankho lalitali lokongola, aliponya pagulu ngati lake. Nthawi zina limakhala lolondola. Nthawi zina limakhala bodza lovala suti, ndipo wofunsayo, poti sadziwa, amataya usiku wonse ndi bandulo yonse akulondola njira yosapita kulikonse. Stack Overflow, komwe olemba mapulogalamu a dziko lonse akhala akufunsana chiyambire 2008, inaletsa mayankho otere mu December 2022, ndipo mu June 2023 oyang'anira ake odzipereka ananyanyala ntchito pokangana ndi eni kampani za momwe lamulolo lizigwirira ntchito. Ife tinangoti: ukatenga kwa makina unene, ndipo uyambe waiyendetsa wekha code-yo usanampatse mnzako.

Koma chomwe chandilembetsa nkhaniyi si wakuba kapena makina. Ndi munthu wolondola.

Pagulu pathu pali mkulu wina wa mu mzinda, katswiri weniweni, wolemba mapulogalamu pa kampani yaikulu. Funso lomwe tonse tagwa nalo iye amalimasula ndi mizere iwiri. Anyamata angapo anapeza maganyu kudzera mwa iye. Usiku wina mtsikana wa sekondale wa konkuno, yemwe anakhala pagulupo miyezi osalankhulapo, anatumiza chithunzi cha sikirini yosweka pakona. Python inali kumuuza kuti IndentationError. Kwa osadziwa: m'chiyankhulo chimenechi mipata ya kumayambiriro kwa mzere ili ndi tanthauzo, mzere womwe uli pansi pa if kapena for umayenera kulowa mkati, mwachizolowezi ndi mipata inayi. Iye anaiwala kulowetsa mzere umodzi. Vuto la masekondi khumi.

Mkulu uja anayankha msanga: "Izi tinayankha kale kambirimbiri. Google ilipo. Ngati izi zikukuvutani, mwina programming si yanu." Anaikapo ndi kankhope koseka. Anyamata atatu anaseka naye. Pomwe ndinkalowa pa intaneti m'mawa, pansi pa zonsezo panali kamzere kotuwa kaja konena kuti nambala yakuti yatuluka.

Palibe lamulo lathu lomwe linaswedwa. Sanatukwane. Sananame: funsolo linayankhidwadi kale, ndipo Google ilipodi. Admin mnzanga anati tizisiye, tingakwiyitse munthu yemwe gulu lonse limadalira. Mawu ake anali akuti ukakwera pamsana pa njovu usamati kulibe mame, ndipo njovu yathu ndi imeneyi. Ndinamumva. Mtsikanayo anali asanathandizepo aliyense, mwina sakanapitirira n'komwe. Mukaika awiriwa pa sikelo ya phindu, yankho n'lodziwikiratu.

Ndinafufuta uthengawo, ndipo ndinamulembera mkuluyo kumbali.

"Achimwene, yankho lanu lija ndachotsa. Mwana uja watuluka."

"Ndiye vuto ndi langa? Ntchito imeneyi ndi yofufuza wekha. Mukamawatafunira chilichonse sadzalimba. Ine palibe anandigwira dzanja."

"Zoona akulu. Koma inu munkafufuza pa kompyuta ya pa koleji. Uyu kuti atsegule masamba atatu a Google, bandulo yatha. Ndipo kuti afufuze ayenera kudziwa kaye kuti indentation n'chiyani."

Mfundo yake sindiitaya. Wolemba mapulogalamu yemwe sadziwa kuwerenga uthenga wa vuto ndi kufufuza yekha safika patali, ndipo alipo aulesi omwe amaponya asainimenti yonse ya ku koleji pagulu kuti tiwalembere. Amenewo nanenso ndimawabweza. Koma "werengani uthengawo, ukukuuzani nambala ya mzere wolakwika, muuyang'ane poyambira pake" ndi kuphunzitsa munthu kufufuza. "Mwina si yanu" ndi chigamulo. Ndipo chigamulocho sichinagwere mtsikana yekhayo. Chinawerengedwa ndi onse aja amakhala chete pagulu, omwe ndi ochuluka kuposa olankhula, aliyense ali ndi funso lake m'manja akuyeza ngati alitumize. Atsikana pagulupo ndi owerengeka kale.

Kuno ku Salima tili ndi chitsanzo cha malamulo omwe anthu amawamvera: chilumba cha Mbenji, cha m'dera la Mfumu Makanjira. Kuyambira zaka za m'ma 1950 usodzi kumeneko umatsekedwa nyengo ya dzinja, kuyambira December, n'kudzatsegulidwa cha mu April. Pachilumbapo saloleza mowa, chamba kapena juga, ndipo wophwanya amathamangitsidwa ngakhale akhale mwini zilimira zingati. (Salolanso amayi, koma limenelo lokha sindingalibwereke.) Asodzi amapirira malamulowo chifukwa pa tsiku lotsegulira utaka umaoneka ndi maso, umadzaza bwato. Vuto la ntchito yanga n'lakuti zomwe ndikuteteza sizioneka. Katswiri akakwiya gulu lonse limadziwa. Wophunzira akachita manyazi sapanga phokoso, amangosiya kufunsa, ndipo palibe amabwera kudzadandaula m'malo mwake.

Tinawonjezera lamulo limodzi pa mafotokozedwe a gulu: ngati funso lakutopetsani, lidutseni, ngati mwayankha, yankho likhale ndi kanthu komwe wofunsayo angachite. Tinasonkhanitsanso mafunso obwerezabwereza aja, a print, a mipata, a pip yokana kuika zinthu, n'kuwayankha m'Chichewa mu uthenga umodzi wopanda zithunzi kuti usadye bandulo. Wofunsa zakale timamutumizira umenewo, ndi mawu akuti akakakamirabe abwerenso.

Mkulu uja sanatuluke, koma anakhala chete pafupifupi mwezi wathunthu, ndipo mwezi umenewo tinaumva. Funso lina la database linakhala masiku anayi popanda woliyankha bwino, mnyamata yemwe analifunsa anali ndi kasitomala akumudikira. Ena anandilembera kumbali kuti ndaononga gulu chifukwa cha mwana mmodzi. Atabwerera anayamba ndi funso lomwelo, analimasula monga mwa nthawi zonse, mwachidule, mopanda moni. Mafunso a oyamba kumene sawakhudzanso. Ndi ufulu wake.

Mtsikana uja ndinamupeza pa msika, akugulitsa tomato wa mayi ake. Ndinamuuza kuti vuto lake linali mipata inayi pa mzere wachitatu. Anaseka, nati anazitulukira yekha usiku womwewo, pulogalamuyo inayenda. Inali yowerengera ndalama za matumba a mpunga. Nditamufunsa ngati ndimubwezere pagulu anati, "Iyayi ankolo, ndizingokufunsani inuyo." Mpaka lero amatero. Mafunso ake ndimawaika pagulu popanda dzina, ndipo awiri mwa iwo, ovutirapo, anayankhidwa ndi mkulu yemwe uja.