FOLOKO YA NJINGA YINA: PIMANI MUSANAGULE

Abale anga alimi, masiku ano njinga zamoto zacuruka m'midzi mwathu. Kale mthuthuthu unali wa alangizi ndi a ku mishoni, koma tsopano mlimi akagulitsa fodya, soya kapena mtedza agula wace. Ndiwo unyamula feteleza kucokera kumsika, ndiwonso uthamanga ndi mai wodwala kunka kucipatala usiku. Ine ndine mlangizi wa zaulimi, sindine makanika ai, koma ndakhala pa cishalo zaka zambiri poyendera minda yanu, ndipo ndifuna tikambirane za cinthu cimene ndiciona kawirikawiri: kumanga foloko ya njinga ya mtundu wina pa njinga yanu.

Foloko ndiyo miyendo iwiri yacitsulo imene igwira gudumu lakutsogolo. Mwendo uli wonse uli ndi paipi yonyezimira imene ilowa ndi kuturuka m'mwendo wapansi, ndipo m'katimo muli sipuling'i ndi mafuta. Sipuling'i ilandira kugunda kwa mseu, mafuta aletsa njinga kudumphadumpha. Foloko yotere inayamba kudziwika pamene kampani ya BMW ya ku Germany inaiika pa njinga zace m'caka ca 1935. Pa miseu yathu ya maenje foloko sicedwa kudontha mafuta kapena kupindika. Pamenepo mwini wace apita kumsika, napeza kuti ya mtundu wa njinga yace palibe, kapena yakwera mtengo. Wogulitsa amturutsira yocotsa pa njinga yina, nati, "Iyi ilowa bwinobwino, bambo."

Tsono kulowa ndi kwina, kukwana ndi kwinanso. Inu amene tinaphunzira pamodzi kumezanitsa mitengo mudziwa kuti lalanje ligwira pa tsinde la ndimu, koma pa mango siligwira ngakhale mumange mwa luso lotani. Mudziwanso kuti kanthambi ndi tsinde ziyenera kulingana kunenepa kwace. Foloko iri cimodzimodzi. Ya njinga yina ikhoza kugwira nchito bwino ndithu, koma pokhapokha yalingana ndi yanu pa zinthu zisanu izi.

Coyamba ndico kunenepa kwa mapaipi. Honda CG 125, imene inayamba kupangidwa m'caka ca 1975, ndipo njinga zambiri za ku China zinatengera mapangidwe ace, iri ndi mapaipi a mamilimita 27. A Yamaha YBR 125 ali a mamilimita 30. Kusiyana kwace ndi mamilimita 3 okha, ndipo diso silikuona msanga. Mapaipiwo agwidwa ndi zopanira ziwiri, capamwamba ndi capansi. Paipi ikacepa, ena aikulunga ndi cidutswa ca citini kuti ithine. Ikakula, apala copanira ndi tupa. Zonse ziwiri n'zoipa. Citini cikhwefuka ndi kugwedezeka kwa mseu, ndipo copanira copalidwa cisweka. Ngati mapaipi asiyana, gulani pamodzi ndi zopanira zace.

Caciwiri ndico khosi. Copanira capansi ciri ndi mtanda wacitsulo umene ulowa m'khosi la fulemu, nuzungulira pa mabering'i awiri. Mtandawo ulingane ndi khosi la njinga yanu utali ndi kunenepa komwe, kuti mabering'i akhale m'malo mwao osagwedera. Ukatalika, ena audula ndi kuuocherera. Musalole zimenezo, pakuti moyo wanu wonse watsamira pa citsulo cimeneco, ndipo mng'alu wa pooca suoneka cifukwa uli m'kati mwa khosi. Onaninso timano timene tiletsa ciongolero kukhota mopitirira. Tikapanda kukomana ndi fulemu, ciongolero cimenya thanki ndi kupana zala zanu.

Cacitatu ndico utali wa foloko, ndipo apa mpamene ambiri anyengedwa. Yamaha DT 125 ndi njinga ya m'chire, ya miyendo yaitali ndi gudumu la mainchi 21, pamene gudumu la CG 125 liri la mainchi 18. Mnyamata aona miyendo yaitaliyo nati njinga yace idzalumpha maenje. Koma taonani cimene cicititsa njinga kuyenda moongoka. Khosi lace n'lopendekeka, kotero kuti mukalemba mzere kutsata khosilo kufikira pansi, ugwa patsogolo pang'ono pa pamene tayala likhudza nthaka. Kampata kameneko ndiko kabweza gudumu pakati lokha, monga muona ana akupalasa njinga yakapalasa osagwira ciongolero. Amisiri anakapima bwino popanga njinga iri yonse. Mukatalikitsa foloko, mutu wa njinga ukwera, ciongolero cilemera pokhota, ndipo tayala lakutsogolo silikanikiza nthaka monga kale. Mukaifupikitsa, ciongolero cipepuka mopitirira ndipo cikhoza kuyamba kunjenjemera pa liwiro, ndiponso tayala likhoza kugunda pansi pa copanira mukagwera m'dzenje.

Mlimi wina wa m'dera langa, munthu wakhama pa munda, anamanga miyendo yaitali pa njinga yace yaing'ono. Ali yekha inayenda bwino. Tsiku lina anamanga matumba awiri a cimanga kumbuyo, lililonse la makilogalamu 50, ndipo potsikira kudambo gudumu lakutsogolo linaterereka pa mcenga cifukwa linalibe colikanikiza. Anatyoka pfupa la phewa mwezi wa January, nthawi ya kupalira ndi kubandira. Mkazi wace ndi ana analimbana ndi munda okha, koma udzu unawaposa, ndipo nkhokwe ya caka cimeneco sinadzale. Ndarama zimene anapulumutsa pa foloko sizinafike ngakhale pa mtengo wa cimanga cimene cinatayika.

Cacinai ndico gudumu ndi buleki. Ekiselo, ndico citsulo copyoza pakati pa gudumu, pa njinga zina zazing'ono iri ya mamilimita 12, pa zina 15, ndipo iyenera kudzaza bowo la mwendo popanda mpata. Gudumu likhale pakati peni peni pa miyendo iwiri. Pa buleki ya dilamu, mwendo umodzi uli ndi dzino limene lilowa m'mphako ya mbale ya buleki kuti isazungulire pamodzi ndi gudumu. Dzinolo likapanda kulowa mokwanira, mbale izungulira mukagwira buleki, nikoka kebulo, ndipo gudumu liima mwadzidzidzi, inu n'kuulukira kutsogolo. Mwendo wopangidwira buleki ya disiki ulibe dzino lotere, cifukwa cace sugwirizana ndi gudumu la dilamu. Kumbukirani kuti poimitsa njinga mphamvu yaikuru iri pa buleki yakutsogolo. Kebulo nayonso italike mokwanira, isakokeke foloko ikatambasuka kapena mukakhota.

Cacisanu ndico moyo wa foloko yeniyeniyo. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Foloko yocotsa pa njinga yina kawirikawiri icokera pa njinga imene inacita ngozi. Solani paipi, muigubuduze pa galasi kapena pa tebulo losalala: yoongoka iyenda mosalala, yopindika idumpha. Yendetsani cala pamene pakhala mphira yotsekera mafuta. Mukamva timaenje ta dzimbiri, dziwani kuti tidzang'amba mphira yatsopano, ndipo mafuta akatsikira pa buleki, buleki sigwiranso. Miyendo yonse iwiri icokere pa njinga imodzi, ndipo muthire mafuta a foloko olingana muyeso mbali zonse. Sipuling'i ya njinga yopepuka siingathe kusenza njinga yolemera. Iphwa kufikira zitsulo zigundana.

Nanga mucite ciani? Yambani mwafunsa makanika ngati foloko yanu yafadi. Ngati ingodontha, mphira ziwiri zatsopano ndi mafuta zikwanira, ndipo mtengo wace ngwocepa. Ngati paipi yapindika kwambiri kapena yacita khwinya, itayeni. Kuiongola ndi moto kufewetsa citsulo. Popita kukagula, nyamulani foloko yakaleyo, mupite ndi makanika amene ali ndi copimira mamilimita, ndipo muziike ziwirizo pamodzi pansi. Wogulitsa akakana kuti mupime, pitani kwa wina. Ngati ya mtundu wa njinga yanu palibe, n'kwabwino kutenga mutu wonse wa njinga yolingana nayo msinkhu ndi kulemera: miyendo, zopanira, ekiselo, gudumu ndi buleki yace, kuti cotsala kugwirizanitsa cikhale khosi lokha.

Akatha kumanga, musakweze munthu tsiku lomwelo. Imikani njinga pa sitandi yapakati, gudumu lakutsogolo liri m'mwamba, mukhotetse ciongolero uku ndi uku kuti mumve ngati cikodwa. Gwirani miyendo pansi ndi kuikankha kutsogolo ndi kumbuyo. Mukamva kugogoda, khosi lagwedera. Pambuyo pace bvalani cipewa canu colimba, muyende pang'onopang'ono pa bwalo, ndi kuyesa buleki kangapo. Pakapita masiku owerengeka bwererani kwa makanika kuti akamangitsenso mabauti onse.

Ndidziwa kuti ndarama ibvuta, ndipo njinga ikaima sabata imodzi pakhomo pasowa mcere. Koma pa cishalo cimeneco pakhala mkazi wanu ndi mwana kumsana, ndi ana a anzanu amene muwanyamula pa kabaza. Mbeu timaisankha tisanabzale, ng'ombe timaiona mano tisanagule. Foloko nayonso ipimeni isanakwere pa njinga yanu, kuti nyengo ya dzinja ikupezeni muli ndi manja onse awiri ogwira khasu.

Ine wanu,
Mlangizi